Tchopa ya a malume pa iPhone

A malume anga amaperekeza alendo okwera phiri la Mulanje kuchokera ku Likhubula. Atamva kuti ndaphunzira za makompyuta, anandilamula kuti ndiwapangire webusayiti. Malipiro ake zinanazi zitatu.

Vidiyo ndinajambula yoti mlendo akaona azipakira zikwama: madzi akugwa pa Dziwe la Nkhalamba, mitengo ya mkungudza, Sapitwa ali phee mu nkhungu, mamita 3,002 m'mwamba. Ndinaisunga mu WebM, mtundu wa fayilo ya vidiyo, chifukwa imachepa, siimaliza bandulo. Koma Safari, pulogalamu yotsegulira mawebusayiti, ya m'ma iPhone akale WebM imaikana. Mankhwala ake ndinkawadziwa: pansi pa fayilo yoyamba umaikapo ina ya MP4, imene pafupifupi foni iliyonse imatsegula. Browser, pulogalamu ngati Safari kapena Chrome, imayesa yoyamba, ikakanika imatsikira pa yachiwiri. Zili ngati kuphika ndiwo ziwiri poopa kuti mlendo sadya nkhumba.

Ndili mkati mosintha vidiyoyo kuti ikhale MP4, magetsi thii, laputopu nayo batire latha. Pamene amayaka ine tulo tandigwira kale, ndiye ndinangotola MP4 ina mu foni osaiona n'komwe, kuti igwire malo, mawa ndikonza. Mawa lakelo silinafike. Nanga pa Chrome wangayu phiri silimaoneka bwinobwino?

Patatha milungu itatu kunabwera azungu awiri a ku Germany. Asanafunse za mtengo, anafunsa ngati gule uja amakhala tsiku loyamba kapena lachiwiri.

"Gule wanji?" anatero a malume.

Mmodzi mwa alendowo, mayi, anatulutsa iPhone yakale yosweka galasi. Phiri palibe. Pali a malume, mkulu wa mpingo wathunthu, akutimba tchopa ku ukwati, thukuta kamukamu, buluku litang'ambika kumbuyo. Tsiku lomwelotu kunyumba anatsanzika kuti akupita kuchipatala ndi msana.

A malume anandikokera kuseri kwa galimoto, ine n'kunamizira Safari.

"Iwe mwana wa mlongo wanga, Safari ameneyu ndi wa kwa ndani? Zinanazi zanga zibwere!"

Ziwiri ndinali nditadya kale.

Anakwera nawo phiri osandiyankhula. Patapita masiku atatu anatsika akutsimphina, koma thumba la malaya litatupa. Akuti alendo anawonjezera ndalama, gule anachitikira ku Chambe.

"Ndichotsa lero lomwe, a malume."

"Dikira. Foni ya akazi anga ija imaonetsa chiyani?"

"Ija ndi ya Chrome. Amaona phiri."

"Basi, usakhudze kanthu."