Mabuku a Star Wars ndi ofanana chikuto chokha

Aliyense amene amagula mabuku akale kwa anthu oyala malonda m'makonde a masitolo kuno ku Mzuzu akudziwa kuti pakati pa mabuku achikondi ndi aupandu pamapezeka nthawi zina buku lokhala ndi dzina la Star Wars. Zikuto za mabuku amenewa n'zofanana kwambiri, popeza pafupifupi chilichonse chimakhala ndi malupanga owala, zombo zouluka ndi nkhope za Luke Skywalker, Leia ndi Han Solo, koma zam'kati mwake n'zotalikirana, moti ena mwa iwo amaposa mafilimu amene anawabereka pamene ena munthu amawasiya asanafike pakati. Maganizo anga ndi akuti kusiyanaku sikuchokera pa luso la wolemba lokha, koma makamaka pa ufulu umene eni mafilimu anamupatsa, ndiponso pa zimene iye anachita ndi ufuluwo.

Mabukuwa anayamba ngati ganyu. Buku loyamba linatuluka mu 1976, filimu yake isanaonetsedwe mu 1977, ndipo ngakhale pachikuto panali dzina la George Lucas, mwini filimuyo, amene analilemba anali Alan Dean Foster. Buku lachiwiri la Foster, Splinter of the Mind's Eye la mu 1978, linalembedwa m'njira yoti lithe kusandutsidwa filimu yotchipa ngati yoyambayo ikanalephera kubweretsa ndalama. N'chifukwa chake nkhani yonse imachitikira pa pulaneti limodzi lamatope ndi nkhungu, nkhondo zikuluzikulu zamumlengalenga mulibe, ndipo Han Solo saonekamo. Powerenga lero munthu amachita manyazi ndi mmene Luke amamuonera Leia, chifukwa filimu ya Return of the Jedi ya mu 1983 inadzaulula kuti awiriwa ndi munthu ndi mlongo wake, chinthu chimene Foster sakanachidziwa. Vuto la mabuku otsatira filimu linaonekera pomwepo: wolemba amamanga pamalo a eni, ndipo mwini malo angathe kusuntha malire tsiku lililonse.

Buku limene limasonyeza bwino zimene zingatheke ndi Heir to the Empire la Timothy Zahn, lomwe linatuluka mu 1991 pa nthawi imene panalibe filimu yatsopano ndipo anthu ambiri ankaona ngati nkhani ya Star Wars inatha. Zahn anayambira nkhani yake zaka zisanu pambuyo pa filimu ya Return of the Jedi, ndipo m'malo mopanga Darth Vader (mdani wotchuka wa m'mafilimuwo) wachiwiri anabweretsa Thrawn, mkulu wa asilikali wa khungu la buluu ndi maso ofiira, amene amagonjetsa mitundu ya anthu pophunzira zojambula ndi zosema zawo kuti adziwe mmene amaganizira. Mdani wotere amayenera buku kuposa filimu, chifukwa kuopsa kwake kuli m'mutu, ndipo wowerenga amapatsidwa mpata wotsatira maganizo ake pang'onopang'ono mpaka kuona msampha usanafwamphuke. Zahn anabweretsanso Mara Jade, mkazi amene anali mtumiki wachinsinsi wa Palpatine, wolamulira wankhanza wa Ufumu wa m'nkhaniyi, ndipo dzina la Coruscant, likulu la boma, linayamba kudziwika m'buku lomweli Lucas asanaligwiritse ntchito mu filimu ya mu 1999. Bukuli linagulidwa kwambiri ku America, ndipo mabuku awiri omaliza nkhaniyi anatsatira mu 1992 ndi 1993.

Kugulidwa kumeneko n'kumene kunabweretsa mavuto, chifukwa kampani yosindikiza ya Bantam inayamba kutulutsa mabuku ambiri motsatizana, olembedwa ndi anthu osiyanasiyana, onse pansi pa lamulo limodzi lakuti ampangankhani akuluakulu asafe ndiponso asasinthe kwenikweni. Wolemba amene sangaphe Luke kapena kulekanitsa Han ndi Leia amatsala ndi njira imodzi yoopsezera wowerenga, yomwe ndi kukulitsa chida cha adani. Motero m'mabuku a Kevin J. Anderson a mu 1994 muli Sun Crusher, kachombo kotha kuphulitsa dzuwa, ndipo m'buku lake la Darksaber la mu 1995 zigawenga za mtundu wa Hutt zikumanga chida china chofanana ndi Death Star, chida cha m'mafilimu chophwasula mapulaneti. Ana a Han ndi Leia nawonso ankangobedwa ndi adani n'kupulumutsidwa mobwerezabwereza, mpaka wowerenga kuleka kuwadera nkhawa.

Chitsanzo chimene chimandiphunzitsa zambiri ndi The Crystal Star cha mu 1994, chimene okonda Star Wars ambiri amachiika m'gulu la mabuku ofooka kwambiri. Wolemba wake, Vonda McIntyre, sanali wophunzira kumene, popeza anali atalandira kale mphoto za Hugo ndi Nebula chifukwa cha buku lake la Dreamsnake. Komabe Luke wa m'buku limeneli ndi munthu wofooka ndi wokayikira anzake amene sitimuzindikira, ndipo cholengedwa chachilendo chotchedwa Waru chimaoneka ngati chasochera kuchokera m'nkhani ina. Sindikhulupirira kuti luso la mayi ameneyu linathawa mwadzidzidzi. Chimene ndimaona n'chakuti zimene iye ankazikonda polemba ndi zimene nkhani ya Star Wars imafuna sizinagwirizane, ndipo dzina lalikulu la wolemba silinathandize bukulo.

Olemba amene anachita bwino m'zaka zimenezo ndi amene anachoka pafupi ndi ampangankhani otchuka. Mabuku a X-Wing, amene Michael Stackpole anayamba mu 1996 ndipo Aaron Allston anapitiriza mu 1998, amakamba za oyendetsa zombo zankhondo wamba motsogozedwa ndi Wedge Antilles, ndipo popeza ambiri mwa iwo mulibe m'mafilimu, wolemba ali ndi ufulu wowapha. Pamenepo nkhondo iliyonse imakhala ndi mtengo wake, ndipo nthabwala za Allston zimapweteka kwambiri munthu akadziwa kuti woseketsayo mwina safika kumapeto. Matthew Stover anatsata njira ina mu 2005 polemba buku la filimu ya Revenge of the Sith. Analibe ufulu wosintha mathero, koma analowa m'mtima mwa Anakin, amene anadzakhala Darth Vader, n'kuonetsa mantha ake, kusagona kwake ndi mmene Palpatine anamukokera pang'onopang'ono, zinthu zimene filimuyo inazidutsa mothamanga. Ndikawerenga bukuli ndimamvetsa chifukwa chake Anakin anagwa, pamene filimu imangondiuza kuti anagwa.

Kwa ife a ku Mzuzu pali vuto lina limene wowerenga wa ku London alibe, ndipo limasintha mmene timayezera mabukuwa. Sitisankha mwadongosolo, koma timatenga limene lafika. Mndandanda wa The New Jedi Order, umene kampani ya Del Rey inayamba mu 1999 ndi buku la R. A. Salvatore mmene Chewbacca, mnzake wa Han Solo, amafera, uli ndi mabuku 19 a nkhani imodzi yopitirira. Unali kuyesa kolimba mtima kothetsa lamulo lija lakuti wina asafe, koma kwa munthu amene wapeza buku limodzi la pakati pa mndandandawo n'chimodzimodzi kufika pa mlandu kwa amfumu mboni zitatha kale kulankhula. Choncho buku loima palokha, ngakhale likhale lapakatikati, limatipindulira kuposa chidutswa cha nkhani yaikulu.

Disney itagula Lucasfilm, kampani ya Lucas, mu 2012, inalengeza mu 2014 kuti mabuku akale onse adzitchedwa Legends ndipo mafilimu atsopano sadzawatsatira. Anzanga ena amene timabwerekana nawo mabuku anayamba kunena kuti akalewo ndi opanda ntchito, koma ine sindivomereza, chifukwa chilengezo cha kampani sichinasinthe chiganizo ngakhale chimodzi m'buku la Zahn. Ndiponso mabuku atsopano anabadwa ndi matenda omwe aja. Aftermath la Chuck Wendig ndi Lost Stars la Claudia Gray anatuluka onse mu 2015, filimu ya The Force Awakens itatsala pang'ono kuonetsedwa. Loyambalo linali ndi udindo wofotokoza zimene zinachitika Ufumu utagwa koma osaulula za filimuyo, ndipo limamveka ngati munthu amene akulankhula atagwidwa pakamwa. Lachiwirilo linangotsata mnyamata ndi mtsikana ochokera pa pulaneti limodzi amene analowa usilikali wa Ufumu, mmodzi n'kuthawira kwa oukira, ndipo ndi lokoma kwambiri ngakhale linalembedwera achinyamata.

Thrawn anabwezeretsedwa, poyamba m'makatuni a Rebels mu 2016, kenako m'buku latsopano la Zahn mu 2017. Buku limenelo ndi lolembedwa mwaukhondo, koma kwa ine silifika pa la mu 1991, chifukwa Thrawn akakhala mwini nkhani amapambana pa mutu uliwonse, ndipo mulibe Luke, Leia kapena Han woti timudere nkhawa pamene iye akutchera misampha yake.