Kondowole anandilanda patapata

Kwathu ku Dedza nsima yanga inali ndi mbiri. Pamaliro kapena paukwati, amayi akuluakulu ankangoti, "Mpatseni uyo mthiko." Ndiye nditakwatiwa ndi Mtonga n'kudzakhala ku Chibavi kuno ku Mzuzu, panalibe ufa womwe ndinkauopa pansi pano.

Mwezi wa Julayi, kuja Mzuzu amazizira mpaka mafuta ophikira kugwirana m'botolo, apongozi anga anabwera kuchokera ku Chintheche kudzaona mdzukulu. Anatsika pakhomo pa sakaramento, kabaza wa njinga wa kuno ku Mzuzu, njinga inanso ikutsatira ndi katundu: batala wowamba, mtolo wa chigwada, ndi kathumba ka ufa wa chinangwa. Ufawo unali woyera mbee, wosalala m'manja, koma fungo lake lowawasa linadzaza khitchini yonse. Ankati chinangwacho anachiviika okha masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, n'kuchiyanika, n'kusinja. Za kuchigayo sakhulupirira.

"Amama, pumulani, ulendo unali wautali. Ndiphika ndine."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mwana wanga, kondowole unaphikapo?"

"Nsima ndi nsima, amama."

Mayi wa nyumba yoyandikana nafe, yemwe makutu ake amadutsa mpanda wa njerwa, anasuzumira akuyanika zovala. "Amayi a ku Dedza, mthiko wanu uja wa pamsika wa Zigwagwawu ndi umene mukufuna kulowa nawo nkhondo? Bwerekani wanga." Ndinathokoza mwaulemu n'kukana. Mumtima ndinkati anthu akumpoto amakonda kukuza zinthu.

Chigwada ndinasinja bwino, n'kuchiwiritsa nthawi yaitali monga chimafunira, n'kutendera nsinjiro. Batala ndinamuphika ndi tomato ndi anyezi basi, chifukwa nsomba imene ija ili ndi mafuta akeake, kuithira ena n'kuinyoza. Mpaka apa zonse zinali m'manja.

Madzi atafunda pambaula ndinakandira phala, monga amachitira munthu aliyense wolera bwino. Phala la chimanga limabwata n'kumakulankhula, phwa phwa phwa. Ili ayi. Linangosintha mtundu, kuchoka poyera n'kukhala lotuwa, lonyezimira, ndipo nditakweza mthiko linabwera nawo limodzi mpaka m'chifuwa mwangamu osaduka. Ndinathira ufa wina. Ndinathiranso. Pamene ndinkati ndivundule, mthiko unaima chilili pakati pa poto, wosapita kumanja, wosapita kumanzere. Ndikaukankha, poto ndi mbaula zonse zinkayenda, makala n'kumagwera pansi.

Apa ndinakumbukira kuti ndinaonapo amayi ena ku Nkhata Bay atakhala pansi, poto ataipana ndi mapazi. Ndinaphula poto, kuikhazika pasimenti, kukhala pakampando, n'kuipana bwinobwino. Chomwe sindinaone tsiku lija n'chakuti amayiwo amayamba akulunga poto ndi chiguduli. Ine ndinali nditavala mapatapata apulasitiki.

Fungo la pulasitiki wopsa linandipeza ndili kalikiliki kulimbana ndi mthiko. Phazi lakumanzere ndinalichotsa msanga. Lakumanja linatuluka lokha, patapata n'kutsala litamatirira pambali pa poto. Ndinalibe nthawi yolilira, apongozi anali pabalaza ndi njala ya ulendo. Ndinagwira mthiko ndi manja awiri, kuponda poto ndi chidendene, n'kukoka ndi mphamvu zonse za ku Dedza.

Thyo!

Ndinagwa chagada, chigongono m'mbale ya chigwada, theka la mthiko lili m'manja. Theka linalo linatsala m'kondowole, litaloza kudenga.

Woyamba kufika anali bambo a kunyumba. Munthu amene anakulira chakudya chimenechi, m'malo mondidzutsa, anagwira chitseko n'kuyamba kuseka mopanda mawu, mapewa okha akugwedezeka. Kenaka mayi woyandikana nafe uja, mthiko wake uli m'manja ngati kuti ankangodikira kulira kwa wanga. Pomalizira apongozi. Anayang'ana ine, anayang'ana poto, anayang'ana patapata lili lende pambali pake, n'kufunsa mofatsa kwambiri:

"Mwana wanga, nsapatoyi ndiye ndiwo, kapena ndiwo ndi zili pamkonozo?"

Sanakalipe. Anangomanga chitenje m'chiuno, n'kutereka madzi ena m'poto wina. Madzi atawira kwambiri anatapako pang'ono n'kusunga m'kapu, anathira ufa wambiri nthawi imodzi, anaphula, n'kukhala pansi miyendo ili tambalale, poto atamukulunga chisanza. Za phala panalibe. Ankakanikizira ufa kukhoma la poto, kutembenuza, kukanikizanso, pouma n'kuwaza timadzi ta m'kapu tija. Mayi wa zidzukulu, koma mikono ikugwira ntchito mosapuma mpaka thukuta pamphumi, kunja kukuwaza kamvula ka Mzuzu. Posakhalitsa kondowole anasiya yekha poto n'kukhala chimpira chimodzi chosalala, chopanda m'bulu ngakhale umodzi.

Pakudya napo sipanandiyendere. Ndinatema mbamu yaikulu monga ndimachitira ndi mgaiwa, n'kuyamba kutafuna. Mano akumwamba ndi akumunsi anagwirizana zoti asasiyanenso. Apongozi, osakweza n'komwe maso, anati, "Timbamu ting'onoting'ono, nyika mumsuzi, meza. Mano alibe ntchito apa." Nditatsatira malangizowo, ndi msuzi wa batala uja, ndinamvetsa chifukwa chake amuna anga amadya nsima yanga ya chimanga masana n'kumati sanadye. Tsiku limenelo njala inandipezanso m'mawa mwake.

Poto wanga uja anagona m'madzi mpaka Lamlungu. Patapata sitinalipulumutse.

Apongozi atabwerera kwawo, panapita milungu ingapo, ndinalandira foni kuti ndikatenge katundu kudepoti. Kondakitala wa minibasi ya ku Nkhata Bay anatulutsa chinthu chachitali chokulungidwa m'thumba la feteleza. Mthiko wa mtengo wolimba, kukula kwake ngati nkhafi ya bwato.

"Ndinu apongozi awo a agogo aja a ku Chintheche? Akuti uwu mukauthyola, mubwere mudzakhale mfumu kwawo." Anatambasula dzanja. "Koma mulipire ya munthu mmodzi, mayi. Wakhala pampando wakutsogolo uyu."