BMW Z3 yonjenjemera: mmene ndinaigulira ndi kukonza propshaft yake

Galimotoyi ndinaiona pa Facebook: BMW Z3 ya 1998, ya mipando iwiri, denga lansalu, injini ya malita 2.8 ya masilinda 6. Mtengo unali wotsika mokayikitsa. Pafoni mwini wake sanabise. "Achimwene, injini ili bhobho, koma ikamanyamuka imagunda pansi, ndiye anthu akungobwerera."

Ndinapita ndi makaniko wanga. Tinayamba ndi kuiyendetsa. Ponyamuka mu giya 1 kunamveka "gu!" pansi pa mpando, ndipo ukaponda mafuta pa liwiro lotsika thupi lonse limanjenjemera mpaka handibuleki. Titaima n'kuponda mafuta galimoto ili mu nyutiro, kunali zii. Apo tinadziwa kuti injini ilibe mlandu. Vuto lili pa zimene zimazungulira galimoto ikamayenda.

Z3 imakoka ndi matayala akumbuyo. Mphamvu imachoka ku giyabokisi kupita ku difu, bokosi la magiya logawira mphamvu ku matayala akumbuyo, kudzera mu propshaft, chitsulo chachitali chozungulira cha zigawo ziwiri. Kutsogolo kuli labala lozungulira lomangidwa ndi mabauti 6, lomwe amakaniko a BMW amalitcha guibo. Pakati pali centre bearing, beringi yochirikiza shaft, yokhala mu labala lake. Ndiye pali majointi a mtanda. Tinapempha mwini wake kuti tiikweze padzenje pa galaja yapafupi, ndipo anavomera. Wogulitsa akakana zimenezi, ine ndimangotsanzika.

Titaunika ndi tochi, guibo inali itang'ambika, ulusi wa mkati ukulendewera. Centre bearing kunali kovuta kuiona chifukwa cha ekizozi ndi lata lotchinga kutentha, koma makaniko atakankha shaft ndi chitsulo inkasewera mmwamba ndi pansi momasuka kwambiri. Ziwirizi n'zosinthika, sizinandiopse.

Chimene ndinkaopa chili kumbuyo. Ma Z3, makamaka a masilinda 6, amadziwika ndi vuto lakuti chitsulo chimene difu imapachikidwapo chimang'ambika, ndipo mawelodi a pansi pa buti amazuka. Kugunda kwake kumafanana ndi kwa guibo, koma kukonza kwake ndi ntchito ina yaikulu, ya wowotcherera wodziwa. Ndiye ndinatulutsa kapeti wa mu buti n'kuyang'ana timadontho ta mawelodi mmodzimmodzi, makaniko akuunika bulaketi ya difu pansi. Zonse zinali zolimba, popanda mng'alu kapena dzimbiri. Pamenepo mpamene ndinayamba kunenerera, ndipo ndalama ya zipangizo ndi ya mmisiri inachotsedwa pa mtengo.

Za mapepala sizinavute: nambala ya chassis pa galimoto inafanana ndi ya pa blue book, ndipo ku Road Traffic kukasintha dzina tinapitira limodzi ndisanamalize kulipira.

Zipangizo ndinaitanitsa ku Johannesburg kudzera mwa msuweni, zinabwera pa basi. Ndinamutumizira nambala ya chassis, chifukwa guibo ya Z3 ya 1.9 si imodzimodzi ndi ya 2.8, ndipo zoyerekeza ndi maso pashopu zimakupweteketsa. Ndinaitanitsanso manati atsopano, popeza aja odzitseka okha sabwerezedwa. Z3 inkapangidwa ku Spartanburg ku America kuyambira 1995 mpaka 2002, koma zambiri zake n'zofanana ndi za 3 Series ya E36 imene inkapangidwanso ku Rosslyn ku South Africa, choncho ku Joni sizisowa.

Tsiku lokonza tinatsitsa ekizozi ndi lata lija, kenako makaniko anatenga penti yoyera n'kulemba mzere pamene zigawo ziwiri za shaft zimalumikizana ndi mano olowana asanazilekanitse. Shaft imabalansidwa ku fakitale ili yathunthu. Mukaibwezera molakwitsa ndi dzino limodzi lokha, kunjenjemera kumabwerera ngakhale zonse zili zatsopano. Ili pabenchi tinapinda majointi ndi manja kuti timve ngati akukodola. Anali osalala, mwayi wanga, chifukwa pa BMW majointiwa ngokhomerera, satuluka ndi kilipi ngati a Hilux. Mnyamata wina wa pagalajapo anati iye atha kudula n'kuwotcherera jointi ina. Makaniko anangomuyang'ana n'kunena kuti, "Iweyo kabweretse sipanala ya 18."

Pobwezera pali tinthu tiwiri tosavuta kuiwala. Guibo ili ndi timivi m'mbali mwake, ndipo kamuvi kalikonse kayenera kuloza ku phazi la flange, chitsulo cha mapazi chakumapeto kwa shaft kapena giyabokisi, pamene bauti yake imamangidwa. Centre bearing nayo simangomangidwa pamene yagwera: imakankhidwira kutsogolo mamilimita 4 mpaka 6 kenako n'kumanga.

Tinakaiyesa mumsewu wa Chileka, kunyamuka mwamphamvu, kuchotsa phazi, kupondanso. Kugunda kunatha, kunjenjemera nakonso. Poti ekizozi inali kale pansi, tinasinthiratu malabala a giyabokisi, omwe akafooka ndi amene amadya guibo msanga. Chatsala ndi COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu, ndi denga lomwe likudontha mbali ya dalaivala, ndipo limenelo liyenera kusokedwa mvula isanayambe.