Abwana ayenda

Ndalemba n'kufufuta kanayi konse. Mukaona mawu asokonekera mungondikhululukira, tulo sindinagone bwino kuyambira Loweruka.

Abwana, mwana wanga uja, ayenda, abale anga. Ayenda okha.

Linali Loweruka lapitali cha m'ma 4 koloko madzulo, ine ndikukonola chimanga pabwalo. Anali ataima chogwira mzati wa pakhonde monga amachitira masiku onse. Ndinangoona dzanja lasiya mzati. Ndinafuna kukuwa kuti mugwatu, koma mawu anakanirira pakhosi. Phazi lakumanzere lija limakokeka linatsogola, linzake n'kutsatira, manja ali m'mwamba ngati munthu wowoloka mtsinje wodzaza. Ndinawerenga mokweza ngati wamisala mpaka 11. Pofika pamtondo anakhala pansi kuti khu, m'gaga momwemo, n'kuyamba kuseka dovu lili chuu. Musi sindikudziwa kumene ndinauponya. Nkhuku zinadya mphale mmene zinafunira, ndipo agogo awo anatuluka m'nyumba ndi mpango m'manja akuganiza kuti kwagwa maliro, chifukwa cha kulira kwanga.

Zaka 5 ndi miyezi iwiri ndikudikira mapazi amenewo.

Ambiri mukudziwa mmene zinayambira, sindibwereza zonse. Anabadwa sabata ya chisankho chobwereza chija, June 2020, kuzizira kwa kuno ku Bembeke kuli pachimake. Anthu makutu ali pa wailesi kudikira zotsatira, ine makutu ali kwa mwana kudikira kuti alire. Sanalire. Anamwino anathamanga naye, anakhala pa okosijeni pafupifupi sabata yathunthu. Titatuluka ndinkati zatha. Koma pa miyezi 8 khosi linali lendelende, manja okunga zibakera usana ndi usiku, ukamunyamula m'khwapa miyendo inkapingasana ngati sizasi. Ana obadwa naye mwezi umodzi anali atayamba kukwawa. Atatitumiza ku Kamuzu Central ku Lilongwe ndi pamene ndinamva koyamba dzina loti cerebral palsy. Adokotala anandikhazika pansi n'kundifotokozera kuti pobadwa ubongo unasowa mpweya ndipo mbali ina inavulala. Anati povulalapo sipakulirakulira, komanso palibe jakisoni wopoletsa. Chothandiza ndi mafizo tsiku ndi tsiku, kuti ziwalo zisaume ndiponso kuti mwana aphunzire pang'onopang'ono zimene anzake amangozidziwa okha. Ndinafunsa ngati adzayende. Sanandilonjeze. Nthawi imeneyo ndinawakwiyira, lero ndimawalemekeza chifukwa sanandinamize.

Tsopano ndinene za munthu amene wandichititsa kulemba zonsezi. Dzina sinditchula chifukwa anandiletsa, koma a kuno mukuwadziwa, achimwene a kabaza aja a njinga yofiira yomanga mpando ndi mphira. Si m'bale wanga. Si a mpingo wathu n'komwe, iwo amapemphera Loweruka, ine ndine wa korona. Tinakumana pa siteji m'dzinja la 2021, mvula ikuwaza, ndili ndi mwana kumbuyo amene sankatha kukhala ngakhale kugwira munthu. Anyamata awiri anali atandikana kale, wina anati dovu limuipitsira jekete. Iwo anangoyang'ana mwanayo n'kunena kuti, "Achemwali, abwanawa akhale pakati, inu muwagwire mutu, tiyenda pang'onopang'ono." Dzina loti abwana linachokera pamenepo. Lero mudzi wonse umawaitana choncho, ngakhale ine mayi wawo.

Kuyambira tsiku limenelo, tsiku lililonse la mafizo ku boma, 6 koloko m'mawa hutala inkalira kuseri kwa nyumba. Mukudziwa mmene msewu wathu umatererera nthawi ya mvula tisanafike pa M1. Malo oipa ankatsika n'kumakankha njinga ife tili pompo. Ndikakhala ndilibe ndalama ankatulutsa kakope m'thumba la jekete n'kulemba, amvekere mudzapereka mukakumba mbatatesi. Mu November 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti aliyense anakweza mtengo, iwonso anakweza, koma kwa ine ayi. Ndinadziwa patapita miyezi itatu nditamva mayi wina akudandaula za mtengo watsopano. Kumapeto kwa 2024 mafuta atasowa, njinga zikugona pamzere pa filing'i siteshoni, ankagula a m'zigubu pamtengo woboola m'thumba kuti abwana asajombe. Tsiku lina a m'zigubu omwewo anasowa. Ndinali nditavula kale mwana zovala za ulendo, ndinangomva belu. Abwereka njinga yakapalasa. Mtunda wonse wokwera uja anakankha, thukuta lili kamukamu m'chifunga, ife tili pa kaliyala.

Ndipo usiku uja wa July 2022, mwana atayamba kukomoka, thupi lonse likugwedezeka, maso atatembenuka. Inali 2 koloko. Ndinaimba manambala atatu a anthu a magazi anga, awiri sanayankhe, mmodzi anati kuche kaye. Achimwene anafika atavala magambutsi opanda sokosi, atafunda bulangete la pabedi pawo, n'kulivula kufunditsa mwana. Chifunga cha ku Dedza mwezi umenewo mumachidziwa, nyali ya njinga inkangowala pamphuno pokha. Anatidikira panja pa wodi mpaka kunacha. Kuchokera nthawi imeneyo abwana amamwa mankhwala oletsa kukomoka a phenobarbitone tsiku lililonse osadumphitsa, ndipo chaka chino sanakomokepo ngakhale kamodzi.

Nsungwi zija mumaziona pa zithunzi, ziwiri zoyendera mwana pakati atagwira uku ndi uku, anazika ndi iwo. Mayi a mafizo anangojambula kuseri kwa kabuku ka kuchipatala, achimwene anayang'ana, mawa lake anabwera ndi nsungwi atamanga pa njinga ndi chikwanje m'manja. Anayeza msinkhu wa abwana ndi chingwe. Abwana akakula, ankabwera kudzazula n'kukweza. Akweza katatu. Mpando woyamba uja wa makatoni, womata ndi phala la ufa, umene unaphunzitsa abwana kukhala tsonga, makatoni ake anatolera ndi iwo m'mashopu a pa boma, anthu akuwaseka kuti ayamba geni ya zinyalala.

Mwezi watha nditagulitsa mbatatesi ndinawauza kuti achimwene, bweretsani kope lija tiwerengere. Akuti mbuzi inadya. Ndinati mbuzi yake iti, poti inu simuweta mbuzi? Akuti ya aneba. Nkhani inathera pomwepo, anayatsa njinga n'kumapita.

Alamu anga, akazi awo a achimwene, inunso ndikugwadireni. Pamjigo zinayankhulidwa zambiri, zoti mwamuna sangamanyamule mkazi wopanda bambo ulere popanda chimene akudyapo. Zinakufikani, ndikudziwa. Inu munabwera masana dzuwa lili pamutu, aliyense akuona, ndi paketi ya shuga ndi chitenje chatsopano choberekera, n'kukhala pamphasa kumudyetsa mwana phala. Simunanene chilichonse za nkhaniyo, ndipo sinamvekenso.

Poti ndatchula za pamjigo. Ena munkati ndinamukhwimira mwanayu kuti mbatatesi zizibereka. Mbatatesi zake ziti, theka la ekala lomwe chiwawu chinapsereza zaka ziwiri zotsatizana? Munthu wokhwima amakongola kabaza? Ena munkakoka ana anu akafuna kusewera naye ngati ulumali ndi chikuku. Ndipo alipo amene anapirira chaka chimodzi ndi theka, kenako anakoleka jekete paphewa n'kunena kuti akukaona amayi awo, kwawo kulibe mtundu wotere. Ankhoswe anayenda kawiri konse. Kukaona amayi kwake mpaka lero. Sindikutukwana munthu, Mulungu ndiye mboni. Ndangomva kuti kanema wa Loweruka uja wafika kutali, ndipo foni yanga yayamba kulandira tiuthenga ta manambala amene anaiwala njira ya kuno. Ndawerenga. Ndiyankha ndikapuma.

Inenso ndili ndi zanga zoti ndilape. Mu 2021 ndinamvera anthu, ndinadumpha malire kupita naye kwa sing'anga ku Mozambique, mbuzi ya amayi anga inapita. Mphini zili m'mawondo mwa abwana mpaka lero, ndikamawasambitsa ndimaziona. Panalinso miyezi imene ndinasiya mafizo a pakhomo chifukwa mwana ankalira ndikamuwongola miyendo, ine n'kumalira naye, ndiye ndinkanama kuchipatala kuti tikuchita. Mayi a mafizo anangogwira akakolo n'kudziwa. Sanandikalipire. Anandionetsa kuti ndiziyamba mwana atangosamba madzi ofunda, ndiziimba nyimbo, ndisamakoke mwamphamvu koma kugwira n'kudikira mpaka mnofu ufewe wokha. Mayi inu, manja anu Mulungu awadalitse. Munandiphunzitsanso kudyetsa, kuti akhale tsonga, chibwano chitsike pang'ono, phala likhale lolimbirako chifukwa lamadzimadzi ndi limene linkamutsamwa. Phala la mgaiwa lothira nsinjiro, mbatatesi yophwanya ndi peyala, kasupuni kakang'ono, ola lathunthu mbale imodzi. Lero abwana amagwira okha chigumu, theka limapita m'kamwa theka kwa galu.

Amayi anga ondibala, msana wanu ndi umene wabereka mwanayu ndikakhala ku dimba, mpaka anafika makilogalamu 14 mukumuberekabe. Mwana wanga woyamba, chemwali wa abwana, uli Sitandade 7 koma ubwana wako wathera kupukuta dovu ndi kuchapa matewera pamene anzako akusewera fulaye. Ndimaona, mwana wanga, ngakhale sindinena. Amayi a mphakati wathu amene munandipalirira munda tili m'chipatala, alangizi a zaumoyo amene munkapatuka kudzationa popita kusikelo, alezi a ku mkombaphala amene munamulandira osafunsa kuti tizitani naye, zikomo. Amene ndakuiwalani si mwano, mutu sukuyenda.

Anzanga a pa benchi ya tsiku la mafizo, inu ndinakusungirani malo anuanu. Timadziwana ndi zitenje zothothoka pamfundo. Ndinazengereza kuika kanema uja pa gulu lathu la WhatsApp, chifukwa ndikudziwa kuti si mwana aliyense pakati pathu amene adzayende, ndipo mmodzi tinamuika m'manda chaka chatha. Koma woyamba kuyankha anali mayi a ku Linthipe aja, amene mwana wawo ali ndi zaka 9 ndipo sakhalabe yekha. Anatumiza mawu a mphindi yathunthu, nthungululu zokhazokha, kumapeto akuti, "Wayendera tonse ameneyo." Ndamvetsera kambirimbiri. Mayi, tsiku limene wanu adzagwire kapu yekha mudzandiimbire, kaya ndi usiku, ndidzabwera ndi nthungululu zanga.

Ambuye Yesu, munandiona ndikulira kuseri kwa nkhokwe kuti ana asandione. Masiku ena korona ndinkangoigwira osatchula kanthu. Amayi Maria, inu mukudziwa kubereka mwana amene anthu akumuloza chala. Achimwene aja muwatetezere pamsewu, njinga yawo isagwe, ana awo asadzasowe wowanyamula.

Ulendo ukadalipo, musaganize kuti tafika. Phazi lakumanzere likupondabe ndi zala, akuti mwina pafunika zothandizira kuwongola. Mawu ali nawo asanu okha: ama, gogo, phala, ayi, ndi vuu. Vuu ndi achimwene, ndipo ndi mawu amene anayamba kutuluka, ama anabwera pambuyo, nsanje ndinachita ndithu. Chaka chamawa akwana zaka 6, za Sitandade 1. Lamulo la anthu aulumali la 2024, limene linalowa m'malo mwa la 2012, likuti mwana ngati uyu asabwezedwe pasukulu chifukwa cha mmene alili, ndipo ku koleji ya Montfort ku Chiradzulu amaphunzitsa aphunzitsi a ana otere. Koma lamulo silimunyamula mwana kuwoloka dambo lija m'mwezi wa February. Tidzaona pofika pomwepo.

Loweruka lija nditasiya kulira ndinawaimbira achimwene, foni inali yozimitsa, ndinaiwala kuti ndi Sabata. Ndinatuma mwana kukanena. Dzuwa litangolowa tinamva njinga. Anafika ndi jekete la kutchalitchi, alamu ali kumbuyo. Tinawaimika abwana pamzati, tonse tikuti bwerani, bwerani, abwana anakana, anangokakamira mzati n'kumatiyang'ana. Agogo anayesa ndi nthochi, ayi. Achimwene anangopita pa njinga n'kuliza hutala kamodzi. Abwana anati vuu, n'kusiya mzati. Mapazi anayi, n'kukagwira tayala lakutsogolo.

Achimwene sanayankhule. Anawerama n'kuyamba kusinja tayala lakumbuyo ndi chala ngati laphwa, nthawi yaitali ndithu, atatipatsa msana. Tayalalo linalibe vuto lililonse.

Tambala wanga wofiira uja anamukana. Ndamumanga kale miyendo, apita mawa kudzera kwa alamu, ndipo achimwene mukawerenga izi musavutike kumubweza, ndamuuza mwana kuti akangomusiya athawe. Lachiwiri ndi tsiku la mafizo, mayi otiphunzitsa mafizo aja sindinawauze kanthu, ndikufuna akaone okha. 6 koloko tidzakhala titasamba.