Ku Ochanomizu ndi gitala yopanda mapepala

Sitima ya njanji ya Chuo ikakutsitsani pa siteshoni ya Ochanomizu ku Tokyo, simufunsa njira. Mukangotuluka n'kulowa mumsewu wa Meidai-dori, womwe umatsetsereka kulowera ku yunivesite ya Meiji, magitala amakulandirani okha. Sitolo zake zandandalikana mbali zonse ziwiri, zina zosanja, ndipo m'mawindo muli magitala amagetsi okolekedwa mpaka kudenga. Ine ndinafika nditabereka yanga kumsana, Stratocaster yakale, mtundu wa gitala yamagetsi ya kampani ya Fender, imene ndinagula kwa munthu popanda pepala lililonse. Pamutu pake panalembedwa Fender, kuseri kwa khosi Made in Japan ndi nambala yoyamba ndi E. Zimene ndinkadziwa zinathera pomwepo, ndipo kwa zaka zambiri mtima unkafuna kudziwa kuti chimene ndimaimbachi n'chiyani kwenikweni.

Sitolo za magitala atsopano ndinangozidutsa. Ndinakwera masitepe opapatiza a sitolo ina ya magitala ogwiritsidwapo kale ntchito, kumene ndinapeza mmisiri wachikulire ali pa tebulo lake. Tinkamvana ndi Chingelezi chochepa, kwinako manja ndi pensulo. Atayang'ana nambala ya E ija anandilembera papepala kuti 1984 mpaka 1987. Kenako anagwedeza mutu, kusonyeza kuti nkhani sinathe.

Apa m'pamene ambiri timasokonezera. Gitala imakhala ndi manambala awiri osiyana. Ya siriyo imanena nthawi imene inapangidwa, mwinanso fakitale yake. Ya mtundu ndi imene imanena kuti gitalayo ndi iti, ndipo pa magitala ambiri a Fender Japan imeneyi siioneka kunja.

"Bambo, ndiye ili pati?" ndinawafunsa.

Anamasula nsambo, n'kuchotsa masikuluwu anayi amene amagwira khosi, n'kulizula mosamala ngati akunyamula khanda. M'kabowo ka thupi momwe khosi limakhala munali chidindo cha inki yofwifwa: ST62-70. Anandiwerengera chidutswa ndi chidutswa. ST ndi Stratocaster. 62 akutanthauza kuti anaipanga motsanzira ya chaka cha 1962. Ndipo 70 ndi mtengo umene inali nawo m'buku la kampani, mayeni 70,000, ndalama za ku Japan. Chotero ST62-70 ndi ST62-55 zikhoza kufanana maonekedwe, koma yachiwiriyo inali yotsikirapo, ndipo kusiyana kumakhala m'matabwa ndi m'zipangizo zamagetsi. Njira yomweyi imawerenganso TL52, yomwe ndi Telecaster, kapena JB62, yomwe ndi Jazz Bass. A Tokai ndi a Greco, mayina ena a magitala a ku Japan, nawonso ankabisa mtengo m'nambala mofananamo.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti mmisiriyo sanakhulupirire chidindo chokha. Anatembenuza khosi kuti aone ngati kutsinde kwake kukunena zofanana ndi thupi. Kenako analoza thabwa lakuda lomwe zala zimayendapo. Ya 62 iyenera kukhala ndi thabwa lakuda la rosewood pamenepo, pomwe ya 57 imakhala yoyera, ya maple. Popeza khosi la gitala yotere limachoka ndi masikuluwu anayi basi, sichachilendo kupeza khosi la gitala ina litakwatitsidwa ku thupi la ina. Ine ndimati aliyense wogula gitala yakale ayenera kupempha kuti aone m'kabowo kameneka, ndipo wogulitsa woona mtima sangakane. Pa yanga zonse zinagwirizana, ndipo ndinamva mtima kukhala pansi.

Anandichenjezanso za zilembo. Fender Japan inayamba mu 1982 ndi manambala oyamba ndi JV, koma pambuyo pake zilembo zina zinabwerezedwa. Chilembo chimodzimodzi chingaloze zaka za m'ma 1980 ngati pali mawu akuti Made in Japan, kapena kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ngati pali Crafted in Japan. Mawu apambali pa nambala ndi ofunika ngati nambala yeniyeniyo.

Pokhoma panali Les Paul, gitala ya kampani ya Gibson, ndipo anaitsitsa kuti ndione kusiyana kwake. Kuyambira 1977 a Gibson ankadinda manambala asanu ndi atatu kuseri kwa mutu. Yoyamba ndi yachisanu ukaziika pamodzi zimakupatsa manambala awiri omaliza a chaka, zitatu zapakati pake ndi tsiku la m'chakacho. Koma ngakhale pamenepo, nambalayo siikuuza ngati ili Les Paul ya mtundu wa Standard kapena wa Custom. Zimenezo uziona ndi maso.

M'mawa mwake ndinakwera sitima ya Azusa pa Shinjuku kupita ku Matsumoto, m'chigawo cha Nagano, ulendo wa maola osakwana atatu wodutsa m'mapiri. Kumeneko ndi kwawo kwa FujiGen, fakitale imene inkapanga magitala a Fender Japan m'zaka zimenezo, komanso magitala ambiri odziwika a Ibanez. Sindinapite kukagogoda pa geti. Ndinayenda mumzindamo, ndinaona nyumba yachifumu yakale yakuda yotchuka ya kumeneko, kenako madzulo ndinakhala pansi n'kumanga nsambo zatsopano, chifukwa zakale zinali zitaduka pomasula paja.