Chala m'dothi: zimene ndaphunzira powerenga ntchito za Thomas Sheridan

Teremu ino aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yosiyana ndi imene tinazolowera. Anati aliyense asankhe katswiri mmodzi wofufuza za makina ndi maloboti, awerenge zimene analemba kuyambira zakale mpaka zam'mbuyo muno, kenaka afotokoze funso limene munthuyo wakhala akulimbana nalo. Ine ndinasankha Thomas Sheridan wa pa sukulu ya MIT ku America. Masabata atatu ndakhala ndikumuwerenga, masana ku laibulale, usiku m'chipinda chimene ndimachita lendi ku Chikanda, nthawi zina pa foni magetsi akazima.

Ndinkayembekezera kupeza nkhani za mawaya ndi masamu okhaokha. Masamuwo alimo ndithu, ena mpaka pano akundivutabe. Koma chimene chinandidabwitsa n'chakuti pafupifupi tsamba lililonse munthuyu akufunsa za munthu: makina akayamba kugwira ntchito okha, munthu amene ankagwira ntchitoyo amatsala ndi chiyani?

Nkhani inayamba m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene America inkakonzekera zopita kumwezi. Wophunzira wake wina, William Ferrell, anafufuza zimene zimachitika munthu akamayendetsa dzanja la makina limene lili kutali kwambiri. Uthenga wochoka pansi pano kupita kumwezi ndi kubwerera umatenga pafupifupi masekondi awiri ndi theka. Zikuoneka zochepa, koma tayerekezani mukutola singano ndi dzanja limene limakumverani patapita nthawi imeneyo. Ferrell anapeza kuti anthu amadziphunzitsa okha njira imodzi: amasuntha pang'ono, n'kudikira aone zotsatira, n'kusunthanso pang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ntchito imachedwa kwabasi. Apa ndi pamene awiriwa, mu 1967, analemba za ganizo lakuti munthu asamayendetse chala chilichonse cha loboti. Auze kompyuta cholinga, kompyutayo ichite tizigawo ting'onoting'ono yokha, munthu akhale ngati kapitawo woyang'anira.

Mu 1978 Sheridan ndi William Verplank analemba lipoti lokhudza makina ogwira ntchito pansi pa nyanja, ndipo m'menemo muli makwerero khumi osonyeza mmene munthu ndi kompyuta amagawanirana ntchito, amene aliyense wophunzira phunziroli amakumana nawo. Pa khwerero loyamba munthu amachita zonse yekha. Pa lachisanu kompyuta imapereka ganizo n'kudikira kuti munthu avomere. Pa lachisanu ndi chimodzi imam'patsa kanthawi kochepa kokana, akakhala chete imapitiriza. Pa lachisanu ndi chiwiri imachita kaye n'kumuuza pambuyo. Pa lakhumi imachita zonse osauza wina aliyense. Nditawerenga zimenezi ndinaika foni pansi, chifukwa ndinakumbukira mbande zanga.

Chaka chatha, nyengo yotentha, ndinapanga kachipangizo kothirira nazale ya matimati kuseri kwa nyumba ya amalume ku Chinamwali. Ndinagula Arduino (kakompyuta kakang'ono kolamulira zipangizo), kapampu kakang'ono, ndi kachitsulo ka mano awiri kozika m'dothi koyeza chinyontho. Dothi likauma, pampu inkayaka n'kukoka madzi m'mgolo. Masiku oyamba ndinkapita m'mawa uliwonse, n'kuzika chala m'dothi kuti nditsimikize ngati kachitsuloko kakunena zoona. Kankanena zoona. Sabata yachiwiri ndinapita kawiri kokha. Sabata yachitatu mayeso anayandikira, sindinapondeko.

Tizitsulo totchipa timeneti timadyeka tikakhala m'dothi lonyowa magetsi akudutsamo. Kanga kanadyeka, kanayamba kunena kuti dothi ndi louma pamene linali litakhuta madzi. Pampu inapopa mpaka mgolo unauma, ana a amalume n'kumadzazanso mgolowo poganiza kuti akundithandiza. Pamene ndinafika, mbande zinali zitagona, tsinde lililonse litada ndi kuwola m'munsi, dothi likununkha ngati la kudambo. Ndinazula kamodzi, mizu yake inatsalira m'zala zanga ngati phala.

Nthawi imeneyo ndinadandaula za kachitsuloko basi. Pano ndikuona kuti ndinaika makina anga pa khwerero lakhumi ndisanadzifunse n'komwe. Analibe njira yondiuza zimene akuchita, ndipo ine ndinasiya kufunsa chifukwa masiku oyambirira anachita bwino.

Powerenga Sheridan ndinafikanso pa nkhani ya mayi wina wa ku University College London, Lisanne Bainbridge, imene inatuluka mu 1983. Ndi yaifupi, masamba ochepa chabe, koma yandikhala m'mutu kuposa mabuku akuluakulu. Mfundo yake ndi iyi: wopanga makina amafuna kuchotsa munthu chifukwa munthu amalakwitsa, koma ntchito zimene walephera kuphunzitsa makina amazisiyira munthu yemweyo, ndipo zimakhala zovutitsitsa. Kuonjezera apo, munthu amene wakhala miyezi akungoyang'ana makina luso lake limachita dzimbiri. Tsiku limene makina alephera, ndi tsiku limene pakufunika luso lalikulu, ndipo limapeza munthuyo ataiwala. Palibenso munthu amene angathe kuyang'anitsitsa chinthu chosasintha kwa nthawi yaitali maganizo osayendayenda; mayiyu anatchula kafukufuku wosonyeza kuti kupitirira theka la ola tcheru chimayamba kutha.

M'kalasi tinakambirana ngozi ya pa 1 June 2009 ya ndege ya Air France imene inkachokera ku Rio de Janeiro kupita ku Paris. Timipope toyeza liwiro tinatsekeka ndi madzi oundana, makina oyendetsa ndege yokha anadzimitsa n'kubweza ndegeyo m'manja mwa oyendetsa, usiku, pamwamba pa nyanja ya Atlantic. Oyendetsawo sanazindikire msanga chimene chinkachitika, ndipo pasanathe mphindi zisanu ndege inagwera m'nyanja. Anthu 228 anafa. M'kalasi munali zii. Mnzanga wina anati oyendetsawo ndi amene analakwa. Ine sindinathe kuvomereza mwachangu chotero. Munthu amene wakhala maola ambiri ali woonerera, n'kumupatsa chiwongolero mwadzidzidzi zinthu zitavuta kale, mlandu wake suyenera kukhala wa iye yekha. Wopanga makinawo nayenso ali ndi gawo lake.

Ena anganene kuti izi ndi nkhani za mayiko olemera. Ine ndikukana. Ku Kasungu anatsegula malo oyeserako ma drone, tindege touluka popanda munthu m'kati, mu 2017, boma mogwirizana ndi UNICEF, ndipo mu 2020 ku Lilongwe kunatsegulidwa African Drone and Data Academy yophunzitsa achinyamata kupanga ndi kuulutsa tindege timeneti. Anzathu ena akulota zoika makina othirira m'minda ya m'mphepete mwa Likangala. Onsewa adzakumana ndi funso la Sheridan, ndipo kwathu kuno limakula chifukwa magetsi amazima, netiweki imadukaduka, chipangizo chikawonongeka china chimatenga masabata kuti chifike. Makina athu adzabweza ntchito m'manja mwa munthu kawirikawiri kuposa a ku America.

Loweruka lapitali ndinapita kwa amalume. Iwo akhala akugwira ntchito pa chigayo kwa zaka zambiri. Ndinawapeza atakhala panja pa benchi, mutu uli mbuu ndi ufa, akucheza ndi amayi amene anali pa mzere ndi madengu awo. Tili pakati polankhula anaimika dzanja, n'kudzuka kulowa m'kati, n'kuzimitsa chigayo. Ine sindinamve chilichonse chachilendo. Atatsegula anapeza sefa yayamba kung'ambika pakona.

Ndinawafunsa kuti, "Amalume, mwadziwa bwanji?"

Anati, "Mphwanga, chigayo chimalankhula. Chikamagaya bwino chimalira mwina, sefa ikabooka chimalira mwina, lamba akamasuka chimaliranso mwina. Ngakhale ndikhale panja, khutu langa limakhala m'katimo."

Ndinawafotokozera za makwerero khumi aja mmene ndikanathera. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa funso limodzi: "Nanga makina akowo akamavutika, amalira bwanji kuti iwe umve?" Ndinalibe yankho. Pampu yanga inkalira mofanana tsiku labwino ndi tsiku loipa.

Lipoti la aphunzitsi ndapereka dzulo. Nazale ndayambiranso, ulendo uno ndafesa matimati ndi repu. Kachitsulo ndasintha, ndagula kokutidwa kosadyeka msanga. Pulogalamu ndailembanso kuti pampu isayake kupitirira mphindi ziwiri, ndipo dothi likaoneka louma kachitatu motsatizana litangothiriridwa kumene, makina aime, ayatse kanyali kofiira, adikire munthu. Mwana wamkulu wa amalume, amene ali Sitandade 7, ndamuonetsa tanthauzo la kanyaliko. Tagwirizana kuti m'mawa uliwonse asanapite kusukulu azizika chala m'dothi, aone ngati chikugwirizana ndi nambala imene ili pa kagalasi, ndipo azilemba zonse ziwiri m'kope limene tapachika pa msomali pafupi ndi mgolo. Ine ndizipita Lachitatu ndi Loweruka kukawerenga kopelo.