Galasi lingasungunule ayezi pakhomo?

Amene tikukhala kumayiko ozizira kuno tikuidziwa nkhani ya kanjira kolowera galimoto kamene kali kumpoto kwa nyumba. Dzuwa silifikapo, ayezi amauma gwa, ukangoponda mosasamala wagwa chagada. Ndiye ena akuti imikani galasi lalikulu liziponya dzuwa pamenepo.

Maganizowo si amisala ayi. Tauni ya Rjukan ku Norway ili m'chigwa chakuya, ndipo pafupifupi theka la chaka dzuwa silifika pansi. Mu 2013 anaika magalasi atatu paphiri, kompyuta n'kumawatembenuza kuti azitsatira dzuwa ndi kuwalitsa bwalo la pakati pa tauni. Mudzi wa Viganella ku Italy unayamba kale zimenezi mu 2006.

Komatu anzathuwo ankafuna kuwala, osati kusungunula ayezi. Ayezi ndi wamakani: kutentha kosungunula kilogalamu imodzi kungathe kutenthetsa madzi olemera chimodzimodzi kuchoka pa madigiri 0 kufika pa 80. Dzuwa la Disembala, nyengo yozizira kuno, limadutsa m'munsi, lofooka, ndipo ayezi woyera amabweza kuwala kwambiri m'malo mokumeza. Galasi longotsamiritsa kumpanda silitsatira dzuwa, posakhalitsa kuwalako kwasamukira pawindo la aneba, mwayamba milandu. Choipa kwambiri, timadzi tosungunukato usiku timaundananso, m'mawa poterera kuposa dzulo.

Ine ndimakhulupirira kuchotsa chipale chofewa ndi fosholo chisanapondedwe, kenako mchere pang'ono ndi mchenga wakuda. Ngati galasilo mwagula kale, liwalitseni pamchengapo, chifukwa chakuda ndicho chimagwira kutentha, ndipo mukumbe kangalande koti madziwo atuluke dzuwa lisanalowe.